Amtengatenga a Mafuta m'Ubongo, ndi Chifukwa Chake Agogo Ena Amaiwala

M'midzi yozungulira Edingeni, kumene kuli likulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, anthu amadziwa kulemekeza akuluakulu. Pakabuka mlandu wa malire a munda kapena wa ng'ombe za malowolo, amaitana nkhalamba, pakuti ndizo zimasunga mbiri ya banja m'mutu. Koma nthawi zina nkhalamba yomweyo, imene inkatha kutchula makolo ake kufikira kwa iwo amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835, imayamba kuiwala. Chaka chino iiwala pamene yaika khasu. Chaka chamawa iiwala dzina la mdzukulu wake. Kenaka ituluka usiku nisokera, nipezeka m'bandakucha pa khola la eni ake, mwina yosavala bwino. Pamenepo anthu ena ayamba kunong'onezana kuti agogowo agwa pa ulendo wa ufiti.

Mwezi uno tifuna kukufotokozerani chimene chimachitika m'mutu mwa munthu wotere. Nkhaniyi ili ndi mawu ena achilendo, koma tiyesa kuyenda pang'onopang'ono. Inu odziwa kuwerenga, muwerengereni anzanu pabwalo, chifukwa tonsefe, Mulungu akatisunga, tidzakalamba.

Ubongo ndi wa mafuta

Aliyense amene anasendapo mbuzi kapena ng'ombe adziwa kuti ubongo ndi wofewa ndi wonona. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo mutauchotsa madzi onse, theka la chotsalacho kapena kupitirirapo lingakhale mafuta.

Ubongo unamangidwa ndi tizinthu tamoyo tating'ono kwambiri totchedwa maselo, timene sitioneka ndi maso koma ndi galasi lokuzira zinthu ngati lija amayezera malungo ku chipatala. Maselo onyamula uthenga m'ubongo alipo pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ngati mtengo wa nthambi zambiri ndi muzu umodzi wautali. Nsonga ya muzuwo imakafika pa nthambi ya selo lina, ndipo pa malo okomanirapo amenewo ndipo uthenga umaolokera. Mwana akaphunzira kuwerenga, kapena mlimi akaloweza njira yopita ku msika wa Jenda, ndiye kuti malo okomanirapo ena alimba ndipo ena atsopano amangika. Chikumbumtima cha zinthu zonse zimene munthu anaona chili m'mfundo zimenezi.

Mafuta amagwira ntchito ziwiri zazikulu pamenepa. Yoyamba ndi yakuti khungu la selo lililonse ndi la mafuta, kotero kuti nthambi singaphuke popanda mafuta atsopano. Yachiwiri ndi yakuti muzu wautali uja umakulungidwa ndi chikuto cha mafuta, monga waya wa magetsi amakutidwa ndi mphira. Mu mtsempha wokutidwa bwino uthenga umathamanga mamita 100 pa sekondi imodzi, pamene mu mtsempha wopanda chikuto umayenda ngati mita imodzi yokha. Nchifukwa chake mukaponda munga mumakweza phazi musanaganize nkomwe.

Mwa mafuta amenewa muli mtundu wina wotchedwa cholesterol. Ubongo ndi magawo 2 okha pa magawo 100 a kulemera kwa thupi, komabe umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a cholesterol yense wa m'thupi.

Mafuta sayenda okha m'madzi

Amayi onse adziwa kuti mafuta a nyama amayandama pamwamba pa msuzi, ndipo msuziwo ukazizira amaundana. Adziwanso kuti mbale ya mafuta siyera ndi madzi okha, koma ifuna sopo. Sopo amagwira mafuta ndi dzanja limodzi, nagwira madzi ndi dzanja lina, ndipo motero mafuta amatsatira madzi.

Magazi athu ndi madzi, ndipo ubongo nawo umakhala m'madzi ake. Tsono mafuta sangachoke pa malo ena kupita pa malo ena okha. Thupi limapanga mapuloteni apadera amene amachita ngati sopo uja: amakulunga mafuta m'timitolo tating'ono, kunja kwa kamtolo kukhala kogwirizana ndi madzi, mafuta ali m'kati. Akuluakulu amakumbukira amtengatenga, anthu amene ankasenza katundu pamutu misewu ya galimoto isanafike. Mapuloteni awa ndiwo amtengatenga a m'thupi.

Mtengatenga akafika pa mudzi sataya katundu pa msewu, koma amapita pa khomo loyenera. Madotolo awiri a ku Dallas m'dziko la Amereka, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti pa khungu la selo pali timakomo timene timazindikira mtengatenga ndi kumlowetsa pamodzi ndi mtolo wake. Chifukwa cha ntchito imeneyi analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1985.

Ubongo uli ndi amtengatenga akeake

Pakati pa magazi ndi ubongo pali mpanda wothithikana, umene umalola shuga ndi mpweya kudutsa koma umatsekereza zinthu zambiri. Mitolo ya cholesterol yoyenda m'magazi sidutsa mpanda umenewu. Kotero munthu asaganize kuti akadya nyama yonona kwambiri adyetsa ubongo wake. Ubongo umadzipangira wokha cholesterol wake m'kati mwa mpanda.

Ntchito yaikulu yopanga mafutawa, mwa munthu wamkulu, ili m'manja mwa maselo ena othandiza, ooneka ngati nyenyezi, otchedwa astrocyte. Maselo a uthenga ali ngati alimi otanganidwa m'munda kuyambira m'mawa, ndipo maselo a nyenyezi ali ngati a kumudzi amene amawaphikira chakudya. Wonyamula chakudyacho kupita nacho kumunda ndi puloteni yotchedwa apolipoprotein E, imene mwachidule amaitcha ApoE. Ameneyu ndiye mtengatenga wamkulu wa m'ubongo.

M'chaka cha 2001 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Frank Pfrieger ku Ulaya linasonyeza kuti maselo a uthenga osungidwa okha m'mbale ankamanga mfundo zokomanirapo zochepa ndi zofooka, koma atalandira cholesterol wochokera kwa maselo othandiza, womangidwa m'mitolo ya ApoE, anamanga mfundo zambiri. Kale m'chaka cha 1986 akatswiri ena anali ataona kuti mtsempha wa mwendo wa khoswe ukavulala, ApoE amachuluka kwambiri pa balapo. Iye amatola mafuta a chikuto chophwanyikacho ndi kuwasunga, kuti mtsempha pophukanso uwagwiritse ntchito, monga munthu amatola njerwa za nyumba yakugwa kuti amangire ina.

Mtengatenga ameneyu sabwerera chimanjamanja. M'chaka cha 2019 kunapezeka kuti selo la uthenga likagwira ntchito kwambiri, mafuta ake ena amaonongeka nasanduka ngati ululu. Selolo limasenzetsa ApoE mafuta oipawo, ndipo iye amakawatula kwa maselo a nyenyezi, amene amawasunga ndi kuwaotcha ngati nkhuni.

Katundu ndi uthenga

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Mtengatenga wa kale sankanyamula katundu yekha. Ankabweranso ndi uthenga: kuti kwanu kuli bwino, kuti mfumu yaitana, kuti konzekani kudzabwera alendo. ApoE nayenso akagogoda pa khomo la selo, khomolo limatumiza mawu m'kati mwa selo, ngakhale mtolo usanamasulidwe.

Zimenezi zinadziwika mwa njira yodabwitsa. M'chaka cha 1951 Douglas Falconer wa ku Edinburgh, ku Scotland, analemba za mbewa zina zoweta zimene zinkayenda dzandidzandi ngati zoledzera. Poyang'ana ubongo wa mbewazo, akatswiri anapeza kuti maselo sanakhale m'mizere yake, ndipo oyenera kukhala pamwamba anali pansi. M'chaka cha 1995 anapeza kuti mbewazo zinkasowa puloteni ina, imene anaitcha reelin, youza selo lililonse pamene liyenera kuima ubongo ukamakula. Ndipo m'chaka cha 1999 Joachim Herz ndi anzake ku Dallas anachotsa mwa mbewa zina makomo awiri a mtundu uja wolandira amtengatenga a mafuta. Mbewazo zinabadwa ndi ubongo wosokonezeka chimodzimodzi. Pamenepo anthu anazindikira kuti makomo olandirira mafuta ndiwonso makomo olandirira malamulo. Mwa munthu wamkulu makomo omwewo amathandiza kulimbitsa mfundo za chikumbukiro.

Pali uthenga wina wofunika koposa. Selo lililonse lili ndi njira yodzithetsera moyo likaona kuti lasiyidwa lokha kapena laonongeka kwambiri. M'ziwalo zina zimenezi nzabwino, pakuti lina limamera m'malo mwake. Koma maselo ambiri a uthenga m'ubongo sabwezeretsedwa, ndipo amene munabadwa nawo ndiwo mudzakalamba nawo. M'chaka cha 2007 akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anatenga maselo a mtsempha wa diso la khoswe nawamana zinthu zowachirikiza, ndipo ambiri anayamba kufa. Koma ataikamo mitolo ya ApoE, ambiri anapulumuka. Mitoloyo inagogoda pa khomo lotchedwa LRP1, ndipo khomolo linatumiza mawu oletsa imfayo. Tinganene kuti mtengatenga amauza selo kuti, "Usafe, anzako akukukumbukira."

Mitundu itatu ya mtengatenga

Monga ng'ombe za m'khola limodzi zimasiyana mphamvu pa goli, ApoE naye ali wa mitundu itatu: E2, E3 ndi E4. Puloteniyi ili ngati mkanda wa timikanda 299, ndipo mitundu itatuyi imasiyana pa timikanda tiwiri tokha. Munthu aliyense amalandira mitundu iwiri pa chibadwa, umodzi kwa bambo ndi umodzi kwa mayi. Anthu ambiri pa dziko lonse ali ndi E3.

E4 amagwira ntchito yake ndithu, ndipo munthu amakula naye bwinobwino, wanzeru ndi wamphamvu. Koma pa ukalamba zofooka zake zimaonekera. Sasenza mafuta bwino ngati E3. Akalowa m'selo amachedwetsa khomo kubwerera pa malo pake, kotero kuti uthenga wina umafika nupeza palibe pogogoda. Pa kuyesa kwa ku Canada kuja, mitolo ya E4 sinateteze maselo kofanana ndi ya E3. Ndiponso sathandiza bwino kusesa zinyalala zina zomata zotchedwa amyloid, zimene zimaunjikana pakati pa maselo.

Zinyalala zimenezi anazifotokoza dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, m'chaka cha 1906. Iye anasamalira mayi wina wa zaka 51 mu mzinda wa Frankfurt, amene ankaiwala, kusokera m'nyumba mwake momwe ndi kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Mayiyo atamwalira, dotoloyo anapeza ubongo wake utafota, uli ndi timibulu ta zinyalala ndi maselo ambiri akufa. Nthendayi mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. M'chaka cha 1993 Allen Roses ndi anzake a pa Duke University ku Amereka anasonyeza kuti nthenda ya Alzheimer imagwira kawirikawiri anthu a E4. Pakati pa Azungu, wolandira E4 kwa kholo limodzi ngozi yake imakula kawiri kapena katatu, ndipo wolandira kwa makolo onse awiri imakula pafupifupi kakhumi.

Nanga ife a mu Afrika?

E4 amapezeka mwa anthu ambiri a mu Afrika kuposa mwa Azungu. Koma musachite mantha. Kuyambira m'chaka cha 1992 madotolo anatsatira nkhalamba za mtundu wa Yoruba mu mzinda wa Ibadan ku Nigeria, pamodzi ndi nkhalamba zakuda za mu mzinda wa Indianapolis ku Amereka. Anapeza kuti nthendayi inali yochepa ku Ibadan, ndipo mphamvu ya E4 yodwalitsa inali yochepanso kumeneko. A ku Ibadan sankadwala kwambiri nthenda za mtima ndi za mitsempha ya magazi, ndipo mafuta a m'magazi mwao anali ochepa.

Phunziro lake ndi ili: chibadwa sichiweruza mlandu chokha. Ambiri okhala ndi E4 amafika zaka 80 mutu uli bwino, ndipo ambiri odwala nthendayi alibe E4. Banja lisasalidwe pa ukwati chifukwa agogo ao anadwala nthenda ya kuiwala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi nthenda za kuiwala, ndipo oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo amakhala m'maiko osalemera. Nthenda ya Alzheimer ndiyo yaikulu mwa nthendazi. Si nthenda ya Azungu okha. Ilipo ku Edingeni, ku Embangweni, ku Euthini ndi kwina konse kumene anthu amakalamba.

Imeneyi si ufiti

Maselo oyamba kufa pa nthendayi ndi a m'chigawo cha ubongo chosunga zinthu zatsopano ndi chodziwitsa munthu pamene ali. Nchifukwa chake agogo amakumbukira bwino za ulendo wao wa ku Joni pa unyamata, koma amaiwala kuti adya kale nsima. Nchifukwa chake amasokera pa njira imene ayendapo zaka 50. Amafuna "kupita kwao", kutanthauza mudzi umene anabadwira, ngakhale mudziwo unasamuka kale. Amaitana anthu amene anamwalira. Amavula chifukwa aiwala ntchito ya chovala. Ndipo khamu la anthu likawazinga ndi kuwafunsa mwaukali kuti, "Kodi ndinu munapha mwana uja?" angathe kuvomera, chifukwa cha mantha ndi kusamvetsa funso. Kuvomera kotero si umboni.

Dziko lathu laona zoopsa pa nkhani ya kunamizira okalamba. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphezi. Mu Disembala 2022, m'boma lathu lino la Mzimba, amayi awiri okalamba anazunzidwa kumanda pamaso pa anthu, ndipo dziko lonse linamva manyazi. Nkhalamba iliyonse ingathe kunamiziridwa, koma yodwala nthenda ya kuiwala ili pa ngozi yoposa, pakuti singathe kudziyankhira.

Dziwani kuti lamulo la za ufiti la chaka cha 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Mafumu, nduna, akulu a mpingo ndi a polisi ya m'mudzi ayenera kukhala oyamba kuimirira pakati pa khamu ndi nkhalamba.

Kusunga ubongo usanaonongeke

Mtundu wa mtengatenga wanu simungausinthe, koma mungathe kusamala misewu imene amayendamo ndi kumchepetsera katundu. M'chaka cha 2024 gulu la madotolo loitanidwa ndi magazini ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene, zitapewedwa, pafupifupi 45 pa 100 ya nthenda za kuiwala zingalephereke kapena kuchedwa. Zotikhudza ife kwambiri ndi izi:

1. Kayezetseni kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa m'Malawi wa chaka cha 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthendayi, ndipo ambiri sankadziwa. Imaononga timitsempha todyetsa ubongo. Chepetsani mchere, ndipo mankhwala mukapatsidwa musalekeze.

2. Kayezetseni shuga, makamaka ngati mumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi.

3. Lekani fodya, ndipo musamwe mowa mopitirira. Kachasu amapha maselo a ubongo.

4. Tetezani mutu. Wokwera njinga yamoto avale chisoti, pakuti kuvulala kwa m'mutu kumafuna ntchito yaikulu yokonza, ndipo ntchito imeneyo ndi ya amtengatenga aja.

5. Idyani zakudya zakasinthasintha. Pali mafuta ena amene thupi silingadzipangire, ndipo amenewa ali ndi khomo lao lolowera m'ubongo. Amapezeka m'nsomba monga usipa ndi matemba, ndiponso m'soya. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono asasowe zimenezi, ndipo phala la mwana lithiridwe nsinjiro. Koma wamkulu asachulutse nyama yonona.

6. Phikirani pa malo otuluka utsi.

7. Tumizani ana onse ku sukulu, atsikana ndi anyamata. Ubongo wophunzira umamanga mfundo zambiri, ndipo zina zikaduka pa ukalamba zina zimatsala.

8. Agogo akayamba kusamva kapena kusaona, apite nao ku chipatala. Ng'ala ya m'maso amachotsa. Ndipo asasiyidwe okha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, chifukwa ubongo wosacheza umafooka msanga.

Agogo akayamba kale kuiwala

Choyamba, pitani nao ku chipatala cha Edingeni, cha Embangweni kapena cha ku boma la Mzimba. Si kusokonezeka konse kumene kuli nthenda ya Alzheimer. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku owerengeka, mwina ndi malungo, chibayo, nthenda ya m'chikhodzodzo, shuga kapena kufa kwa ziwalo, ndipo ayenera kuonedwa tsiku lomwelo. Kusowa zakudya zina m'thupi, chindoko chakale ndi kachirombo ka HIV nazonso zimasokoneza mutu, ndipo zili ndi mankhwala. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chothandiza pa nthenda za maganizo.

Mankhwala ochiziratu nthenda ya Alzheimer sanapezeke, koma chisamaliro chabwino chimachepetsa mavuto. Lankhulani nao mofatsa, mawu ochepa pa nthawi imodzi. Akafunsa funso lomwelo kasanu, ayankheni kasanu, pakuti kwa iwo nthawi iliyonse ndi yoyamba. Akanena kuti mwawabera ndalama musakangane nao, koma athandizeni kufunafuna. Bisani mankhwala a chimanga, a ng'ombe ndi parafini, ndipo asagone okha pafupi ndi moto. Adziwitseni a mfumu ndi oyandikana nao msanga, kuti wowapeza pa njira awabwezere kwao mwaulemu. Muwaikire m'thumba kapepala ka dzina lao ndi mudzi wao. Nyimbo za kutchalitchi ndi za ingoma zimakhalitsa m'mutu ngakhale maina atatayika, tsono imbani nao.

Ntchito imeneyi isagwere mpongozi mmodzi kapena mdzukulu mmodzi wosiyitsidwa sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Gawanani masiku, ndipo ana amene ali ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni atumize thandizo. Wina akayamba kuwaopseza agogowo, kanenani kwa a mfumu, ku polisi kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ku boma, zinthu zisanaipe.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa zaka zambiri agogo anu anazimitsa moto wa m'banja mwanu, nasunga maina anu onse m'mutu mwao. Ngati lero amtengatenga a m'ubongo mwao atopa ndipo dzina lanu latayika, inu musaiwale lao.